Za Ndege ndi Mabwalo Ake: Yankho kwa Anthu a ku Chisenga

Munthu akaima pa Chisenga m'mawa wa chilimwe, kumwamba kulibe mtambo, nthawi zina amaona kanthu konyezimira kakudutsa pamwamba pa mapiri a Mafinga, kakukoka mzere woyera pambuyo pake. Phokoso lake limafika mochedwa, kanthuko katapita kale. Ana a sukulu amaloza ndi chala, ndipo funso limene amabwera nalo kwa aphunzitsi n'lakuti: "Kodi ndege imeneyi ikupita kuti, nanga bwanji siitera kwathu kuno?" Akuluakulu a imvi amafunsa mwa njira ina. Iwo amati kale ndege zinkatera pa boma la Chitipa, malowo akutchedwa Fort Hill, ndipo ena mwa iwo anakweramo. Tsono chinachitika n'chiyani kuti zileke?

Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, koma si lalifupi. Ndege siili ngati njinga, imene mwini wake angaime nayo paliponse pamene wafuna. Kuti ndege inyamule anthu pamalo pena n'kukawatula pena, pafunika bwalo lokonzedwa bwino, kampani yokhala ndi ndege ndi antchito ake, ndiponso Boma loyang'anira kuti malamulo akutsatidwa. Kuwonjezera apo pafunika anthu okwanira ogula matikiti. Chimodzi mwa izi chikasowa, ndege imangodutsa.

Poyamba ndi bwino kuwongola maganizo a anthu pa za mzere woyera uja. Ambiri amayesa kuti ndi utsi, ena amati ndegeyo ikutaya mafuta. Si choncho ayi. Ndege zazikulu zimauluka makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi, kumene kumazizira koposa pamwamba pa Nyika m'mwezi wa June. Mpweya wotuluka m'mainjini uli ndi nthunzi ya madzi, ndipo nthunziyo ikakumana ndi chisanu chotere imaundana n'kusanduka kamtambo kakatali. N'chimodzimodzi ndi munthu akapuma m'mawa wozizira, pakamwa pake n'kumaoneka ngati pakutuluka utsi. Ndege zoterezi zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndipo zambiri sizitera m'Malawi n'komwe. Zimangodutsa pa ulendo wa pakati pa mizinda ikuluikulu ya kumwera kwa Africa ndi ya kumpoto.

Mmene ndege zinafikira kuno

Ntchito yonyamula anthu ndi makalata pa ndege inayamba m'dziko lino mu 1931, pamene mzungu wina wa ku Blantyre, C. J. Christowitz, anagula kandege kakang'ono nayamba maulendo a ku Beira ndi ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Mu 1932 kampani ya ku Britain ya Imperial Airways inatsegula njira yochokera ku London kukafika ku Cape Town. Anthu a ku Chitipa ayenera kuidziwa njira imeneyi, pakuti ndege zake zinkatera ku Mbeya m'dziko la Tanganyika ndi ku Mpika m'dziko la Northern Rhodesia. Ndiye kuti zinkadutsa kufupi ndi kuno, chakumadzulo, pamene a ku Zomba ndi a ku Lilongwe ankangozimva m'nkhani. Poyamba ulendowo unkatenga masiku oposa khumi.

Ntchito ya Christowitz inalowa m'kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1933. Nkhondo yachiwiri itatha, pa 1 June 1946, maboma atatu anagwirizana zopanga kampani imodzi yotchedwa Central African Airways. Pa magawo 100 alionse a kampaniyo, Southern Rhodesia inali ndi 50, Northern Rhodesia 35, ndipo Nyasaland 15 okha. M'zaka za 1949 ndi 1950 kunkabweranso ndege za BOAC zotera pamadzi, zimene zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa ku Johannesburg, koma izo sizinakhalitse.

Ndege imene inafika ku maboma a kumpoto inali Beaver, yopangidwa ku Canada. Inali ya injini imodzi, mapiko ake ali pamwamba, ndipo inkanyamula anthu owerengeka pa zala, osaposa asanu ndi awiri. Ubwino wake unali wakuti inkatera pa bwalo la udzu kapena la dothi, ndiponso siinkafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Ndi ndege imeneyi Central African Airways inalumikiza Lilongwe, Mzimba, Mzuzu, Karonga ndi Fort Hill, mpaka kuwolokera ku Mbeya.

N'chifukwa chiyani kampani inavomera kutumiza ndege ku malo akutali chotero? Yankho lili pa misewu. Masiku amenewo misewu ya kumpoto inali ya fumbi, ndipo nthawi ya dzinja milatho ikakokoloka galimoto linkatha masiku ambiri panjira. Bwana wa boma, dokotala, mbusa wa mishoni, kapena thumba la makalata a ku Zomba, zonsezi zinkafika msanga pa ndege. Kunena zoona, munthu wamba wa kumudzi sankakwera Beaver, popeza mtengo wa tikiti unali woposa thumba lake. Iye ankayenda pansi, pa lole, kapena pa sitima ya panyanja.

Ndege za Wenela

Komatu panali ndege ina imene amuna a m'midzi anaikwera ambirimbiri, ndipo ndiyo imene akuluakulu a ku Chitipa amaikumbukira. Bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ya ku South Africa, Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu analifupikitsa kuti Wenela, linayamba kunyamula antchito pa ndege mu 1952. Likulu la ndege zake linali ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana. Fort Hill anali amodzi mwa malo olemberako anthu, ndipo kunkafika amuna a m'boma lino pamodzi ndi ena owoloka malire kuchokera ku Tanganyika. Munthu akapimidwa m'thupi n'kulembedwa, ankakwera ndege kukatsika ku Francistown, ndipo kumeneko ankalowa sitima ya pamtunda mpaka ku Joni. Ulendo umene atate awo ankauyenda pansi miyezi, kudzera m'nkhalango za zilombo, iwo ankaumaliza m'masiku ochepa.

Apa pali phunziro loyenera kuligwira. Wenela inkatha kutumiza ndege za mtundu wa Dakota ku mabwalo akutali chifukwa mipando yake siinkakhala yopanda anthu. Popita inkadzaza ndi olembedwa kumene, pobwera inkadzaza ndi amene atsiriza nthawi yawo, ali ndi masutikesi ndi mabulangete. Wolipira analinso wodziwika, ndiye eni migodi. Pofika 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000.

Ntchito imeneyi inaduka mwachisoni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mainjini anayi, ya mtundu wa DC-4, inagwa itangonyamuka pa Francistown ikupita ku Blantyre. Anthu 78 anamwalira, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi obwerera kwawo. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathira m'ndegeyo anali osakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Awerengi adziwe kuti ndege zili ndi mafuta a mitundu iwiri. Ndege za injini zakale, zofanana ndi za galimoto, zimamwa petulo wake wapadera, pamene ndege za jeti zimamwa mafuta ofanana ndi palafini. Kusakaniza awiriwa ndi imfa. Ngoziyo itachitika, Dr. H. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko lino. Kulembako kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu ake anali ochepa poyerekeza ndi kale, ndipo kunatheratu mu 1988.

Cholakwa chimene chinapha anthu onsewa sichinachitikire mumlengalenga. Chinachitikira pansi, pothira mafuta. N'chifukwa chake nkhani ya ndege iyenera kukhala nkhani ya bwalo choyamba.

Bwalo la ndege n'chiyani?

Anthu ena amaganiza kuti bwalo la ndege ndi dambo lililonse lolambulidwa. Ayi ndithu. Chinthu choyamba ndi msewu wothamangapo ndege, umene uyenera kukhala wowongoka, wosalala, wolimba, ndiponso wotsetsereka pang'ono m'mbali kuti madzi a mvula asadikhepo. Msewuwo saulambula molunjika kulikonse. Amayamba aphunzira kumene mphepo imachokera masiku ambiri a chaka, chifukwa ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, monga achitira khungubwe. Thumba lalitali la nsalu lopachikidwa pa mtengo m'mbali mwa bwalo ntchito yake ndi yomweyo, kuonetsa woyendetsa ndege kumene mphepo ikulowera ndi mphamvu yake. Manambala aakulu olembedwa kumapeto kwa msewu wa tala amasonyeza mbali ya kampasi imene msewuwo waloza.

Kutalika kwa msewu kumatsata kulemera kwa ndege ndi kukwera kwa malo. Kumapiri mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi kunyanja, ndipo dzuwa likatentha umapepukiratu. Mu mpweya wotere mapiko sagwira msanga, chotero ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Ndege yomweyo imene yanyamuka mosavuta pa Karonga, m'mphepete mwa nyanja, idzafuna msewu wotalikirapo pa Chitipa, pamene ndi pokwera mamita oposa 1,200. Mapiri oyandikana nawonso amawerengedwa. Mafinga ndi okongola kwa munthu woyenda pansi, koma kwa woyendetsa ndege m'nyengo ya mitambo mapiri oposa mamita 2,000 ndi mdani wobisala.

Bwalo la udzu lili ndi adani akenso. Chiswe chimamanga chulu m'masabata ochepa, mvula imakumba ngalande, udzu umatalika. Ng'ombe zikamadyapo zimasiya mapondedwe amene amauma n'kukhala maenje, ndipo anthu akadula njira yachidule pakati pa bwalo, njirayo imasanduka mtsinje m'dzinja. Gudumu la ndege yothamanga likagunda chulu chofika m'bondo, ndege imagubuduzika. Woyendetsa ndege akaona mbuzi kapena ana pa msewu sangaimbe belu ngati wa njinga. Amangozungulira, ndipo zikapitirira amabwerera kumene wachokera, ngakhale atanyamula dokotala kapena mankhwala.

Mpanda si nkhani ya mabwalo ang'onoang'ono okha. Mu January 2019 kampani ya South African Airways inaimitsa kwa kanthawi maulendo ake a ku Blantyre, oyendera mabwalo a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalo la Chileka unali woboola malo ena ndiponso zida zozimitsira moto zinali zoperewera. Zinthuzo zitakonzedwa maulendo anayambanso, ndipo chaka chomwecho msewu waukulu wa bwalolo unatsekedwa miyezi ingapo kuti aukonze. Munthu amene amadula waya wa mpanda kuti akamangire khola la nkhuku sadziwa kuti angatsekere dziko lonse khomo.

Pa bwalo lalikulu pamakhala anthu ambiri amene wapaulendo sawaona. M'nsanja muli olankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi, ndipo ndege siinganyamuke kapena kutera iwo asanalole. Chilankhulo cha ntchito imeneyi pa maulendo a pakati pa maiko ndi Chingerezi, chimene ana a sukulu ofuna ntchito ya ndege ayenera kuchilimbikira pamodzi ndi masamu ndi sayansi. Pali a zanyengo, amene amayesa mphepo, mitambo ndi chifunga. Pali ozimitsa moto, amene amakhala chire pamene ndege iliyonse ikutera, ndipo kukula kwa ndege zololedwa pa bwalo kumatsata kuchuluka kwa galimoto zawo ndi madzi awo. Palinso amakaniko, othira mafuta, onyamula katundu, apolisi, oona ziphaso, a msonkho wa katundu ndi a zaumoyo.

Za chifunga dziko lonse linaphunzira mowawa pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inalephera kutera pa Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu anamwalira. Ndege za asilikali zili ndi ulamuliro wakewake, wosiyana ndi wa ndege za anthu wamba zimene zikufotokozedwa pano, koma mtambo susankha.

Mabwalo a dziko lino

Mabwalo aakulu olandira ndege zazikulu za kunja ndi awiri. Lakale ndi la Chileka, kunja kwa mzinda wa Blantyre, limene linali khomo lalikulu la dziko kufikira bwalo la ku Lumbadzi litatsegulidwa. Mu 2024 linapatsidwa dzina la Bakili Muluzi International Airport. Lalikulu koposa ndi Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Ntchito yolimanga inayamba mu 1977 ndipo linatsegulidwa mu 1983. Msewu wake ndi wotalika makilomita oposa atatu, ndipo pakati pa 2017 ndi 2019 nyumba zake zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, kuikamonso makina a rada oonera ndege zili kutali.

Kumpoto kuli bwalo la Mzuzu ndi la Karonga, onse a tala. La Mzuzu linamangidwa mzindawo usanakule, ndipo tsopano nyumba zalizinga, kotero kuti nkhani ya bwalo latsopano kunja kwa mzinda yakambidwa zaka zambiri. Kuli bwalo pa chilumba cha Likoma, ndi lina la udzu pa Chelinda pamwamba pa Nyika, limene limathandiza alendo odzaona nyama. Ena ang'onoang'ono ali m'maboma monga Chitipa, Kasungu, Salima, Mangochi ndi Nsanje. Awa alibe maulendo a tsiku ndi tsiku. Amadikira ndege za hayala, za Boma, kapena za tsiku la tsoka. Kunja kwa malire, anansi a ku Tanzania anatsegula bwalo la Songwe pafupi ndi Mbeya mu 2012, ndipo kwa munthu wa ku Chitipa bwalo limeneli lili pafupi kuposa la ku Lumbadzi.

Kampani ya dziko

Mu 1964, chaka chimene dziko linalandira ufulu, kunabadwa Air Malawi. Poyamba inali mwana wa Central African Airways, ndipo inayamba ndi ma Dakota awiri ndi ma Beaver atatu. Mu 1967 inaima payokha ngati kampani ya Boma la Malawi, ndipo kampani yakale ya maiko atatu ija inatha kumapeto kwa chaka chomwecho. M'zaka zotsatira Air Malawi inagula ndege zazikulupo, za mitundu ya Viscount, HS 748 ndi BAC One-Eleven. Kumapeto kwa 1974 inayamba ulendo wa ku London ndi ndege ya VC10, ya mainjini anayi kumchira. Chinali chinthu chonyaditsa, koma ulendowo unkadya ndalama zambiri kuposa zimene unkabweretsa, ndipo unaleka mu 1979. Ndegeyo inakhala zaka zambiri itangoimikidwa pa Chileka mpaka inaphwasulidwa. Mu 1991 kampaniyo inalandira Boeing 737 yotchedwa Kwacha ndi ATR 42 yotchedwa Shire, ndipo ndege zake zing'onozing'ono zinkafikabe ku Mzuzu ndi ku Karonga. Koma ngongole zinakula chaka ndi chaka, ndipo mu 2013 Air Malawi inatsekedwa.

M'malo mwake Boma linagwirizana ndi kampani ya Ethiopian Airlines n'kukhazikitsa Malawian Airlines, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi Airlines. Pa mgwirizano wa 2013, magawo 51 pa 100 anali a mbali ya Malawi ndipo 49 a Ethiopian Airlines. Ulendo woyamba unali pa 31 January 2014, pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, pa ndege ya Bombardier Q400. Pambuyo pake kunabwera maulendo a ku Johannesburg, Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi. Makampani a kunja nawo akhala akutera m'dziko lino. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 KLM ndi British Airways zinkafika ku Lilongwe kuchokera ku Ulaya, koma zinaleka, ndipo m'zaka zaposachedwa apaulendo a ku Ulaya kapena ku Asia akhala akusinthira ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg.

Tsono apa ndi pamene pagona yankho la funso la akuluakulu lija. Woyendetsa minibasi pa depoti ya Karonga amadikira kuti idzaze, ndipo ikapanda kudzaza sanyamuka. Ndege ilibe mwayi umenewo. Ili ndi nthawi yake yolembedwa, ndipo iyenera kunyamuka kaya muli anthu asanu kaya makumi asanu. Ndege ya Q400 ili ndi mipando pafupifupi 70. Ikanyamuka ndi anthu khumi, mipando yotsalayo imapita chabe, pamene mafuta, malipiro a antchito ndi msonkho wa bwalo sizichepa. Mpando umene wauluka wopanda munthu lero sungagulitsidwenso mawa monga thumba la chimanga lotsala pa msika. Komanso pafupifupi chilichonse cha ndege chimagulidwa kunja ndi ndalama za kunja. Mafuta amabwera kudzera ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, zitsulo zosinthira zimachokera ku America, Canada kapena Ulaya, ndipo zitsulozo zimasinthidwa maola ake akakwana ngakhale zikuoneka zabwinobwino.

Chimene chinachotsa ndege pa Chitipa, tsono, si chidani kapena kuiwalidwa kokha ayi. Wenela, amene ankadzaza mipando, anapita. Makalata amene ankadikira Beaver tsopano amayenda pa foni ya m'manja. Ndipo msewu wa tala wa makilomita 101 wochokera ku Karonga kufika ku Chitipa, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, unafupikitsa ulendo umene kale unali wa tsiku lonse. Msewu wabwino ndi dalitso lalikulu, koma umalanda ndege zing'onozing'ono anthu ake. Izi sizitanthauza kuti dandaulo la anthu a kumpoto lilibe maziko. Munthu wodwala kwambiri wa ku Chisenga kapena ku Nthalire akali kutali ndi chipatala chachikulu cha ku Mzuzu, ndipo chigawo chonse chikakhala chopanda ndege zodalirika, amalonda ndi alendo amalemera mwendo kubwerako.

Ntchito ya Boma

Ndege zimawoloka malire, motero malamulo ake ndi a maiko onse. Mu 1944 maiko anasaina pangano ku Chicago, m'dziko la America, ndipo kuchokera m'panganolo munabadwa bungwe la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal, m'dziko la Canada. Malawi analowamo mu 1964. Dziko lililonse lili ndi chizindikiro chake cholembedwa pa thupi la ndege, monga nambala ya galimoto. Ndege yolembetsedwa m'Malawi imayamba ndi 7Q, ya ku Zambia 9J, ya ku Tanzania 5H.

Kwa zaka zambiri ntchito yoyang'anira ndege inali m'manja mwa dipatimenti ya Boma, imene inkasamalanso mabwalo ambiri. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lokhazikitsa bungwe loima palokha, Malawi Civil Aviation Authority. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu: munthu sakhala woweruza pa mlandu wake womwe. Wosamala bwalo akhale wina, woliyendera ndi kulipatsa chilolezo akhalenso wina. Oyang'anirawa ndiwo amapereka ziphaso kwa oyendetsa ndege ndi amakaniko, amaona ngati ndege ili yoyenera kuuluka, ndipo ali ndi mphamvu yoimitsa ndege kapena kutseka bwalo. Ngakhale ndege yongodutsa pamwamba pa Mafinga ija siidutsa mwaulere. Imalankhula ndi oyang'anira mlengalenga wa dziko limene ikudutsamo, ndipo kampani yake imalipira chifukwa cha thandizolo. Mphamvu ya Boma pa mabwalo inaonekera poyera m'chaka cha mliri wa Covid-19, pamene maulendo a ndege za anthu anaimitsidwa pa 1 April 2020, ndipo bwalo la ku Lumbadzi linatsegulidwanso pa 1 September.

Pali mtundu wina wa ndege umene ungafike ku midzi msanga kuposa zonse. Izi ndi ndege zing'onozing'ono zopanda munthu m'kati, zimene ambiri amazitcha ma drone. Mu June 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anapatula dera la ku Kasungu kuti likhale loyeserako ndege zimenezi, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata kuzipanga ndi kuziyendetsa. M'maboma monga Nsanje ndi Chikwawa zinagwirapo ntchito yonyamula katemera, mankhwala ndi magazi okayezetsa kuchokera ku zipatala za kumidzi. Sizifuna msewu wa makilomita, koma nazonso zili pansi pa lamulo, ndipo munthu saloledwa kuziulutsa pafupi ndi bwalo la ndege.

Wofuna kukwera ndege achite chiyani?

Munthu wa ku Chisenga amene waitanidwa ku maphunziro kunja, kapena akukaona mwana wake ku Johannesburg, ulendo wake umayamba ndi galimoto. Adzapita ku boma la Chitipa, n'kutsikira ku Karonga, n'kutsata msewu wa M1 kudzera ku Chiweta, Mzuzu ndi Kasungu mpaka pa Lumbadzi, mtunda wa makilomita oposa 600. Ndi nzeru kunyamuka kutatsala masiku awiri, pakuti basi ikafa panjira ndege siimudikira. Kuchoka pa Lumbadzi kukafika ku Johannesburg ndi maola osakwana atatu, ndiye kuti chigawo chachitali cha ulendo wake ndi cha m'dziko lake lomwe.

Asananyamuke kumudzi aonetsetse kuti pasipoti yake siinathe masiku, ndiponso kuti dzina lolembedwa pa tikiti likufanana ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo. Maiko ena amafuna viza, ena amafuna kalata ya katemera, ndipo izi afunse nthawi ikalipo. Tikiti agule ku ofesi ya kampani kapena kwa wogulitsa wodziwika, ndipo alandire risiti. Pa bwalo afike kutatsala maola awiri kapena atatu. Katundu amaikidwa pa sikelo, ndipo malire a kulemera kwake amalembedwa pa tikiti. Wopyola malirewo amalipira zowonjezera, ndipo ambiri asiyapo nyemba ndi ufa pa bwalo chifukwa chosafunsa. Mpeni, lumo ndi zina zakuthwa siziloledwa m'chikwama cha m'manja, ndipo palafini ndi petulo siziloledwa n'komwe. Munthu wosamudziwa akamupempha kuti amunyamulire kaphukusi, akane, ngakhale wopemphayo atatchula dzina la mudzi wakwawo.